Pulawo ya Mizere

Lachinayi, Okutobala. Kunatentha, koma mtima uli m'malo.

Baba, abwana anga okalamba aja, agula njinga yamoto ya matayala anayi yoti izilima kufamu kwawo komanso aziyendera mumchenga. Ana awo sakuwalola kutuluka chifukwa cha korona, ndiye anatuma ine dalaivala kukasankha zomangirirapo. Ndinatenga helemeti, magetsi, chingwe chokokera ikatitimira, ndi kampando kotsamira poganizira msana wawo. Pa pulawo m'pamene ndinalakwitsa. Ndinatenga yopangira mizere, ngati ndikukalima kwathu ku Mchinji. Kuno kudziko la eni, kuchipululu, salima mizere, amangodzala motsatira mapaipi a madzi.

Ndinati, "Pepani Baba, ndikabweza mawa."

Anaseka mpaka masiki inatsika. "La, la, ayi, isiye. Ukandionetse mmene ankalimira bambo ako."

Bambo anga anamwalira ndege zitatsekedwa, maliro sindinapite. Baba akudziwa, paja ndi iwo anakhala nane tsiku lonse lija.

Lamulo latsopano likulola kusintha ntchito popanda chilolezo cha bwana, ndipo fomu ya ntchito ya kuhotela ku Al Dafna ili m'thumbamu. Ndimati ndisayine lero. Koma Loweruka tikukapanga mzere woyamba, ndiye fomuyo kaya...