Makoswe a m'Vaneti ndi Nkhuku ya Apongozi

Aphungu,

Ndikulemba kalatayi mtima uli m'malo, pomwe mwezi wathawu ndinali nditamanga kale katundu wobwerera kwathu ku Magodi. Pano tulo ndikugona. Koma pali kanthu kanditsalira pakhosi, ndiye ndati ndifunse inu amene simuli mbali ya wina aliyense pakhomo pano.

Ndine mayi wa ana atatu, ndinakwatiwa ku Mphamba. Amuna anga, a Bornwell, ndi mlimi wa fodya ndi chimanga. Chisiyireni malole a koparetivu kubwera kudzanyamula mbewu kumidzi kuno, iwo analibenso nkhani ina koma ya galimoto. Chaka chino titangokolola anagulitsa ng'ombe zathu zolimira n'kukagula vaneti yakale ya dizilo ku Chipata, yobwera chokokedwa. Aphungu, chinali chiphapha! Ine zinandiwawa, ndipo ndinalankhula pabwalo anthu akumva kuti, "Mwasinthanitsa ng'ombe zamoyo ndi chitsulo chakufa. Chimenechi sichidzatuluka pakhomo pano." Unali mkwiyo chabe, monga angalankhulire mayi aliyense akaona khola lili pululu.

Injini anaitsitsa n'kupita nayo ku boma pangolo yobwereka, kwa makaniko wina dzina lake a Haswell. Kumeneko anaiphwasula yonse, kusintha mapisitoni ndi zina zomwe ine sindizidziwa maina, akutsatira chibuku cha galimoto zamtunduwu, cha fotokope, masamba ake akuda bii ndi oyilo. Miyezi yonse yachisanu mpaka kutentha kuyamba, thupi la vanetiyo linatsala m'chigafa cha fodya, pafupi ndi nyumba ya apongozi anga aakazi, aNyaZimba. Makiyi ankakhala kwa iwowo.

Injini itabwerera m'malo mwake, a Haswell anati pangotsala batire yatsopano, iwo n'kubwerera ku boma. Batire itapezeka, amuna anga sanafune kudikira munthu. Lamulungu titaweruka kutchalitchi anaitana mudzi wonse kuti udzaone.

Atangotembenuza kiyi, injini inalira bwinobwino, azimayi n'kuyamba nthungululu. Koma nthungululuzo zinadukira panjira. Hutala inayamba kulira yokha popanda woigwira, nyale zikuphethira dzuwa likuswa mtengo, fungo la mphira wopserera lili guu. A Bornwell anazula kiyi n'kuikweza m'mwamba, koma injini osazima! Kiyi ili m'manja, galimoto ikubangulabe. Anthu anangoti balala, ena kutaya nsapato ndi mabuku a nyimbo. Amuna anga anachita kuizimitsa ndi giya, thukuta lili kamukamu.

Patangoti zii, apongozi analankhula osandiyang'ana n'komwe: "Paja wina ananena kuti sichidzatuluka pakhomo pano."

Basi, nkhani inali m'kamwam'kamwa. Alamu anga anasiya kudya chophika ine. Ndikafika kuchitsime, anzanga ankasuntha zidebe zawo. Akuluakulu a pabanja anagwirizana zoti ndipite kaye kwathu ati ndikapume, iwo akufunafuna woombeza. Inu mukudziwa kuti kuno n'kolowola, mkazi akapita ana amatsala kwa bambo awo, ndipo wotsiriza wanga wangosiya kumene kuyamwa. Amuna anga sananditchule mfiti, ayi, koma sananenenso kuti si ine. Ankangoti zyoli. Chete ameneyo anandipweteka kuposa miseche yonse.

Chinandipulumutsa ndi mkwiyo wa a Haswell. Atamva kuti injini yomanga iwo akuti yalodzedwa, anapalasa njinga kuchokera ku boma, chibuku chija atachimangirira pakaliyala. Anati, "Injini yanga ilibe mlandu. Kiyi ikazimitsidwa, pali kachipangizo kamene kamatseka mafuta. Ngati sikakutseka, ndiye kuti moto wa batire ukukafikira njira yachidule." Anatsegula tsamba lojambulidwa mizeremizere, waya aliyense ndi mtundu wake, n'kuyamba kulondola. Anthu ankaopa kuyandikira, moti m'chigafamo tinalimo atatu okha: a Haswell, amuna anga, ndi ine nditabweretsa madzi akumwa.

Atamasula pansi pa chiwongolero, Aphungu, mtolo wonse wa mawaya unali wodyedwa, mkuwa uli pamtunda, mawaya akukhudzana okhaokha. Pakati pake panali chisa cha makoswe chodzaza makoko a mtedza. Amuna anga atapinda mpando anapeza thumba la mtedza wa Chalimbana litatsala makoko okhaokha, pakamwa pake pomangidwa ndi kansanza ka chitenje chomwe tonse timachidziwa. Apongozi anabisa mbewu yawo mmenemo poopa opemphapempha, poti m'galimoto mumakiyika. Makoswe analowera pabowo lodutsa mawaya.

Ndinakhala pansi pafumbi pomwepo n'kuseka mpaka misozi, kenako misoziyo inasanduka yeniyeni.

A Haswell anadula mawaya odyedwawo n'kulumikiza ena, chidutswa china anachita kukachotsa pagalimoto yakufa ku boma. Pano vaneti ikuyenda, ikazimitsidwa ikuzima, ndipo ikunyamulira anthu feteleza. Ine ndakwerapo kale kutsogolo mpaka kumsika. Katundu ndamasula.

Vuto ndi ili. Amuna anga anangouza anthu kuti anali makoswe, za mtedza sanatchule. Tsono ena akuti, "Nanga makoswewo anawatuma ndani? Nkhokwe zadzaza mudzi wonse, iwo analunjikiranji galimoto?" Ndikawauza amuna anga kuti anene zonse, amandipempha kuti, "Amake mwana, zinthu zakonzeka, tisawavule amayi pagulu." Apongozi nawo anabwera mmawa wina ndi nkhuku yaikazi, n'kuiika pakhomo pa khitchini. Anangoti, "Uwaphikire ana," n'kutembenuka. Mawu ena ayi.

Nkhukuyo sindinaiphe, ikungoyendayenda pabwalo. Kodi kupepesa kwake n'komweko, ndilandire ndikhale chete? Kapena ndikanene ndekha kuchitsime? Sindikufuna nkhondo, koma dzina langa likundiwawa. Yewo chomene.

K.M.,
Mphamba, Lundazi

Mayi K.M.,

Choyamba ndikondwere nanu. Ana anu akugona pafupi ndi mayi awo, ndipo chimenecho ndicho chachikulu. Ndasekanso nanu limodzi: mudzi wonse kuthawa opanda nsapato chifukwa cha makoswe okhuta Chalimbana!

Nkhukuyo iphani, muidye. Munthu wamkulu kunyamula nkhuku kupita nayo kwa mpongozi wake si chinthu chapafupi, ndipo mukapitiriza kuisiya ikuyendayenda pabwalo, iwo aziona ngati mwakana dzanja lawo. Muwapatulire ntchafu, mukawapatse nokha. Koma musanamizidwe. Nkhukuyo yakonza za pakati pa inu awiri basi. Mawu aja sananenedwe kukhitchini, ananenedwa pamaso pa mudzi, ndiye ayenera kubwezedwa pamaso pa mudzi womwewo.

Zopita kuchitsime kukalengeza nokha, ayi, musayerekeze. Woganiziridwa akadziyeretsa yekha anthu amati akudzitchinjiriza, ndipo mudzaoneka ngati mkamwana wonyoza apongozi. Mlandu umodzi udzasanduka iwiri.

Ntchito imeneyi ndi ya a Bornwell. Ndikuwamvetsa, akulu anati khoswe akakhala pamkhate sapheka, ndipo apa mkhatewo ndi mayi awo owabala. Koma muwauze mofatsa, muli awiri, kuti anakhala chete pamene inu munkathamangitsidwa, sangakhalenso chete kachiwiri. Kuteteza ulemu wa amayi awo n'kwabwino, koma osati inu n'kukhala wolipira.

Chitani motere. A Bornwell apite kwa amayi awo ndi ankhoswe a banja lanu, osati ndi gulu. Akawauze kuti palibe akufuna kuwachititsa manyazi, koma akuluakulu omwe anagamula zoti mupite kwanu akhalenso pansi, amve nkhani yonse, n'kubweza chigamulo chawo. Aitanidwenso mmodzi wa kwanu ku Magodi, chifukwa mbiri yoipa inafika kale kumeneko. Chabwino koposa n'chakuti apongoziwo anene okha. Kubisa mbewu si mlandu, ndani sanabisepo? Akainena okha nkhaniyi anthu adzaseka, ndipo kuseka kumeneko n'kumene kudzakuyeretseni. Akakana, a Bornwell anene iwo, mwaulemu, a Haswell ali pomwepo ngati mboni.

Musaiwalenso kuti gogoyo mbewu yake yonse yapita, ndipo mvula ili pafupi. Ngati muli ndi mtedza wotsala, muwatapireko msonkhanowo usanachitike. Sindikuti muwagule. Ndikuti munthu savutika kuvomera kulakwa pamaso pa amene wamuonetsa kale kuti samusungira chakukhosi.

Inunso mayi, pakamwa. Munali ndi chifukwa chokwiya pa nkhani ya ng'ombe zija, koma mawu otemberera chinthu musamawanenere pabwalo. Kumudzi mawu otere anthu amawasunga.

A Bornwell muwauzenso izi za galimoto. Afunse a Haswell ngati mawaya aja anawawotcherera bwino n'kuwakulunga ndi tepi yeniyeni, chifukwa ongopotapota n'kukulunga pulasitiki amatha kuyatsa moto pamsewu. Fyuzi ikapsa agule ina, asaikepo msomali kapena kawaya. Bowo lija alitseke, m'galimoto musamagone chakudya chilichonse, ndipo akachititse fotokope masamba a mawaya aja akhale ndi awoawo, poti buku limakhala ku boma pomwe galimoto imafera kutchire.

Chenjezo langa ndi ili: musazengereze chifukwa choti zinthu zili bwino lero. Nkhaniyi ikambidwe anthu asanabalalikire kuminda. Mbiri ya ufiti siifa yokha, imangogona. Panopa aliyense akukusekererani chifukwa akufuna kukwezetsa feteleza. Koma tsiku limene mwana wa mlamu wanu adzatenthe thupi, palibe adzakumbukire makoswe. Adzakumbukira inu.

Aphungu