Fanta ya alendo a amayi

Brampton, Canada

Okondedwa achimwene a Medson,

Ndikhulupirira muli bwino pamodzi ndi alamu ndi ana. Nanga amayi mawondo aja akupezako bwanji? Ine ndili bwino, kungoti kuzizira kwayamba ndipo basi ya kuntchito ikumachedwa.

Uthenga wanu ndaumva, woti ndisamatumizenso thandizo m'manja mwa amayi koma ndizilipira kugolosale kuti azikatenga ufa, mafuta ndi sopo basi, poti akumagulira alendo fanta ndi masikono. Ndisanayankhe, tamvani zakuno.

Kutchalitchi kwathu timapereka makhadi ogulira chakudya kwa amene zawavuta. Mwezi watha a Davies, msungichuma wathu, anapempha kuti makhadiwo asamagulenso zakumwa zotsekemera ndi mabisiketi. Anati shuga wachuluka, opereka akudandaula, komanso wopempha sakulitsa chitete. Ine poti ndimasamalira okalamba odwala shuga, ndinaona kuti mfundo ali nayo.

Nkhaniyi inayamba chifukwa wina anaona mayi Kettie, amene ntchito yawo yolongedza katundu inatha, akugula fanta ndi khadiyo. Pamsonkhano wokambirana pempholi mayiwo anaimirira n'kutikumbutsa kuti sabata imeneyo mchemwali wawo anamwalira ku Ntcheu, ndipo ife tomwe tinapita kunyumba kwawo konkuno kukawapepesa. Anafunsa ngati tikanakonda kuti atitsegulire nyemba zam'chitini. Achimwene, fantayo ndinamwa nawo. A Davies anamwa ziwiri.

Lamulo linadutsabe. Mayi Kettie sanakangane ndi munthu. Anangoika khadi patebulo, ndipo mpaka lero sanabwerenso kudzatenga ina. Zomwe ana awo akudya sindikuzidziwa, ndipo zikundiwawa mumtima.

Nkhawa yanu ndaimvetsa, poti ndinu amene mumaona thumba la ufa likupepuka. Ukatha msanga muzindiuza ine. Pempho langa ndi limodzi: zakugolosalezo tizisiye, amayi azigula okha chomwe mtima wawo wafuna. Anatilerera pakhomo pomwe mlendo sankachoka kukhosi kuli gwa. Tikawamanga manja sadzadandaula, mukuwadziwa inunso. Adzangoyamba kutseka chitseko akaona anthu akubwera.

Mundiperekere moni kwa amalume, azakhali, alamu ndi ana onse. Amayi muwauze kuti ndikadzabwera nanenso ndidzakhala mlendo, fanta yanga andisungire.

Ndatha ine mlongo wanu,
Sandra