Tiyi wothirira chithunzi

Okondedwa Amayi,

Moni wa ulemu kwa inu ndi onse pakhomopo. Kuno kunja ku Wigston tili bwino, mdzukulu wanu Tadala wayamba kuyenda. Koma achemwali andiuza kuti chifuwa chija chafika polavula magazi, ndipo kuchipatala mukukana. Amayi, mtima wanga suli m'malo.

Dzulo m'mawa pochokera ku ntchito ya usiku ndinakatenga mwana kwa Mayi Lin, aneba a ku China amene amandisungira. Anandithirira tiyi wawo wobiriwira m'kakapu, wopanda shuga, wopanda mkaka. Ndinati kwathu mlendo angaganize kuti mukumuthamangitsa, iwo n'kuseka. Koma fungo lake ndi lomwe lija la m'manja mwanu mukamaweruka kothyola tiyi ku esiteti ku Thyolo, ine n'kuthamanga kudzakuchingamirani.

Ndisanamwe, anathira kapu ina, n'kuinyamula ndi manja awiri, n'kukaiika patsogolo pa chithunzi cha mayi wina wokalamba. Ndinafunsa kuti ndi ya ndani. Anati, "Ya amayi anga. Kwathu wamkulu ndiye amayamba kumwa. Anamwalira ine ndili kuno, ndiye ndimawathirira m'mawa uliwonse, madzulo n'kukataya."

Ndinatula kapu yanga, n'kunyamula Tadala.

Chonde, mawa lomweli achemwali akuperekezeni kuchipatala, zoti chitha chokha muzisiye. Ine sindikufuna kudzathirira chithunzi. Ndikufuna mudzamwe nokha, Tadala ali pamiyendo panu, mukundikalipira kuti shuga ndachepetsa.

Mulungu akusungeni mpaka ndidzafike.

Ndine mwana wanu,
Esinati