Dzina Langa Likugwira Kale Ntchito ku Botswana

Mindolo, Kitwe
9 Novembala 1999

Kwa mng'ono wanga Fanuel,

Ndikhulupirira uli bwino kumeneko ku Francistown. Kuno tadzuka. Mlamu wako Dainess wayamba kugulitsa kaunjika pamsika, ana akukula, amayi ku Mushili mwendo uja wachepako.

Za mgodi wamva. Augulitsa, ndipo ogulawo asanafike n'komwe, ife amagetsi atichotsa. Anatiyamikira kwambiri, ndi makeke omwe.

Tsono nditamva kuti kampani ina ya ku Botswana ikufuna amagetsi, ndinatumiza mapepala. Lachiwiri anandiitana ku intavyu pa hotela ina ku Ndola. Jekete ndinabwereka kwa a Festus a kwaya. Tinalipo ambiri pakhonde, tonse a kumgodi, tonse tikunamizira kuti tangodutsa.

Ofunsa anali awiri, mzungu ndi mayi wina wa Chitswana. Mzungu anandifunsa za mamota ndi mawaya, ndinamuyankha mpaka anatseka buku lake. Anati ntchito ndi yanga, chatsala n'chakuti boma la kwawo lindipatse pemiti.

Apo mayi uja anayang'ana fotokope ya satifiketi yanga nthawi yaitali. Anandifunsa ngati ndine Cyril Njobvu. Ndinavomera. Iye anati n'zodabwitsa, chifukwa Cyril Njobvu ali naye kale pakampani pawo, satifiketi yomweyi, sukulu yomweyi, ndipo pemiti yake anaikonzanso chaka chino. Boma silipereka mapemiti awiri kwa munthu mmodzi.

Anawonjeza kuti Cyril wawoyo amachedwa kuntchito Lolemba lililonse, ndipo anapsereza kale mota imodzi. Pamenepo ndinadziwa kuti ndiwe.

Ndikanatha kukutchula pomwepo. Sindinatero. Iwo ankandiyang'ana ngati wakuba ndine. Ine amene ndinaphunzira ntchitoyi, ndinalowa nayo pansi pa nthaka iwe ukumenya mpira ku Mushili.

Kuchokera pamenepo ndinapita kwa amayi. Sanakane kuti ndiwo anakupatsa satifiketi yanga. Anati pepalalo linkangogona m'sutikesi mwawo, ine ntchito ndili nayo, iwe ulibe, ndipo mgodi sutha. Anati za mkulu ndi za mng'ono, monga nsapato ndi yunifomu ya sukulu. Nditakweza mawu anandifunsa ngati ndikufuna mwana wawo afere m'ndende ya eni ake. Ndinawafunsa kuti nanga ine ndine mwana wa yani. Anayamba kupemphera kolona.

Chikundiwawa kwambiri n'chakuti unkabwera pa Khirisimasi, n'kudya m'nyumba mwanga, n'kumandiuza kuti kumeneko umayendetsa galimoto. Unabweretsera ana anga mabisiketi. Ndinakuthokoza.

Mvetsera tsopano. Mayi uja wandipatsa mpaka kumapeto kwa mwezi uno kuti ndifotokoze. Ukatha mweziwu, malo apatsa wina, ndipo dzina langa alitumiza kwa a zolowa ndi kutuluka ngati la munthu wachinyengo. Sindidzapondanso dziko limenelo.

Ndikufuna upite wekha kwa abwana ako, uwauze zoona, utule pansi ntchito, ukwere basi. Munthu wodziulula yekha amamuchitirako chifundo. Ukabwera, pogona ulipo, ndipo ndikapeza ntchitoyo ndidzakulipirira sukulu upeze pepala lakolako. Ukapanda kutero, ndipita ndekha ku Ndola ndi kalata yanga ya ubatizo ndi chithunzi chako. Ndawauza amayi zomwezi, ndipo sakundilankhula.

Usanditumizire ndalama. Usatumizenso amalume kuti adzandinyengerere.

Mulungu akusunge, ndipo akupatse manyazi pang'ono. Upereke moni kwa mkazi wako Karen. Umuuze kuti sindimuda, ngakhale sindikudziwa kuti pa mapepala a ukwati anakwatiwa ndi ndani mwa ife.

Pa envelopu ndalembapo dzina langa, kuti kalatayi ikupeze.

Ndine mkulu wako,
Cyril Njobvu, mwini wake