Bester Mtambalika: Zaka Zinayi Chigwereni ku Oshawa

Anabadwa pa 3 Juni 1961 ku Ntcheu. Anamwalira pa 22 Meyi 1995 ku Toronto.

Lero zakwana zaka zinayi chitisiyireni, bambo a Christabel. Ndine Zelipa, mkazi wanu. Zaka zitatu zapitazi ndinkangolemba mizere iwiri yoti muuse mumtendere. Chaka chino ndili ndi zoti ndikuuzeni, ndipo ndazisunga kokwanira.

Timakumbukira mmene munkalawirira kuntchito ku Etobicoke, kunyumba yosungira katundu ija ya kufupi ndi bwalo la ndege, kumene munkasenza mabokosi sabata yonse. Loweruka likafika munkanyamula chikwama chanu chobiriwira n'kupita ku masewera ogwetsana, onga aja a pa TV, koma anu anali a m'maholo ang'onoang'ono, oonerera mazana awiri kapena atatu. Munali m'gulu la opepukirapo, osapitirira makilogalamu 100, amene luso lawo ndi kudumpha kuchokera pamwamba pa zingwe. Sikelo yanu munkaisunga kukhitchini pafupi ndi firiji, ati kuti mimba yanu iziiopa. Pokwerapo munkavula ngakhale wotchi, mwana wathu Christabel n'kumaseka mpaka misozi. Pa kapeti ya pabalaza munkamuphunzitsa kugwa: chibwano pachifuwa, manja otambasula. Munkati munthu aliyense adzagwa ndithu, chofunika n'kudziwa kagwedwe kake.

Mpikisano wa ku Oshawa, tauni ya kufupi ndi Toronto, unayamba mu 1991, m'bwalo limene m'nyengo yozizira ana amaseweramo pa ayezi. Chaka chilichonse mu Meyi ankaitana anthu asanu ndi atatu: awiri a ku Mexico, awiri a ku Japan, mmodzi wa ku Mangalande, otsalawo a konkuno. Wogonja ankatuluka, wopambana n'kupitirira, mpaka patsale awiri olimbirana chikho. Chaka choyamba munatuluka ndime yoyamba. Chaka chachiwiri eni mpikisano anakuuzani kuti dzina loti Bester silikoka anthu. Anakuvekani chikopa cha kambuku chabodza n'kulengeza kuti mwachokera m'nkhalango ya ku Africa ndipo simudziwa kulankhula. Inu amene munaphunzitsa masamu ku sekondale kwathu zaka zinayi zathunthu! Tsiku limenelo munabwera kunyumba osalankhuladi. Koma munafika ndime yachiwiri, mu 1994 n'kufika yomaliza, ndipo chikopacho simunachisiyenso. N'chifukwa chake pamwambapa ndaika chithunzi cha suti yanu ya kutchalitchi. Zinazo sindifuna kuziona.

Munkandiuza kuti ndisamaope, chifukwa wopambana amadziwika masewera asanayambe, ndipo amene ukulimbana nayeyo ndi yemwe amakusamala kuti usavulale. Koma tsiku lina ndikukupakani mankhwala m'khosi munati, "Tonsefe timadziwa kuti ndi sewero, koma pansi sipadziwa." Mu Febuluwale 1995 dzanja lanu lamanzere linayamba kuchita dzanzi. Munagwetsa kapu ya tiyi kawiri sabata imodzi. Dokotala atakujambulani khosi anakulemberani kalata yoti musiye masewerawo nthawi yomweyo. Sabata yomweyonso eni mpikisano anaimba foni kuti chaka chimenecho chikho chidzakhala chanu, ndipo pokupatsani adzakutchulani dzina lanu lenileni. Kalata ya dokotala munandipatsa ine. Munati, "Isungeni, amayi a Christabel. Ndikangotenga chikho ndasiya." Ndinaiika m'Baibulo. Nambala ya eni mpikisano inali pachitseko cha firiji, ndipo ndinkaiona tsiku lililonse kwa miyezi itatu. Sindinaimbe.

Loweruka pa 13 Meyi masana, ine ndi Christabel tinakhala mzere wachiwiri. Iye anali ndi zaka zisanu ndi zinayi. Munapambana kawiri n'kufika ndime yomaliza ndi Ramiro wa ku Mexico, uja wovala chigoba chasiliva kumaso, mnzanu amene ankagona pa sofa pathu akabwera ku Canada. Anakunyamulani n'kukugwetsani chagada monga mmene munkayeserera kambirimbiri. Munayenera kudzuka. Simunadzuke. Ramiro anakutsamirani pachifuwa kudikira kuti mumukankhe. Woyimbira anawerenga kamodzi, kawiri, kenaka dzanja lake linaima m'mwamba, pakuti nayenso ankadziwa kuti wopambana ndinu. Anthu anakuwa, ena kuponda pansi ndi mapazi, poganiza kuti zonsezo ndi za m'sewero. Christabel anaimirira pampando akuomba m'manja, akufuula kuti, "Daddy, dzukani!" Ine nditaona mmene mapazi anu anagonera, ndinadziwa. Munakhala m'chipatala masiku asanu ndi anayi mukutiyang'ana ndi maso okha.

Mpikisano uja unachitikanso kamodzi kokha, mu 1996. Akuti anaimba belu kakhumi pokukumbukirani, dzina lanu n'kulitchula molakwika. Kenaka a ku Japan anasiya kubwera, oonerera anachepa, ndipo zinathera pomwepo. Chikho chimene anakulonjezani chija eni mpikisano anachibweretsa kunyumba, ine ndinawabweza nacho pakhomo. Ramiro sanalowenso m'zingwe. Pa maliro anaika chigoba chake m'bokosi lanu, nabwerera kwawo. Chaka ndi chaka wakhala akutilembera kalata yopepesa, ndipo nthawi yonseyi ine ndinamusiya kuti azikhulupirira kuti anakuphani ndi manja ake. Aliyense ankakhulupirira zomwezo, kutchalitchi ngakhale kwathu ku Malawi. Kunali kosavuta kukhala chete.

Mu Januwale chaka chino kalata ya Ramiro itafika, Christabel anaing'amba asanaitsegule, n'kunena m'Chingerezi chake chija kuti munthu ameneyo anayenera kufera m'ndende. Mwanayu tsopano ali ndi zaka khumi ndi zitatu, ndipo akakwiya amalumitsa mano ngati inu. Ndinalowa kuchipinda, ndinatenga kalata ya dokotala ija, ndinamupatsa. Anaiwerenga kawiri, n'kuyang'ana deti lake. Anandifunsa funso limodzi lokha: "Mom, munkadziwa?" Ndinati eya. Anatenga jekete n'kukwera basi kupita kwa azakhali ake, mlongo wanu Alice, ku Markham, ndipo ali komweko mpaka lero. Alice akuti akudya, kusukulu akupita, koma foni yanga salandira.

Ramiro ndinamulembera zonse, osasiyako kanthu. Patatha milungu itatu anaimba foni. Chingerezi chake n'chochepa, ndipo nthawi yambiri ndinkangomva kupuma kwake. Sanandidzudzule. Anangoti chichokereni ku Oshawa sanayerekezepo kunyamula mwana wake wamng'ono m'mwamba, chifukwa manja ake sankawakhulupiriranso. Bola akanandinyoza.

Bambo a Christabel, ndinakukwiyirani, ndipo lero ndikunena poyera. Munandipatsa chinthu cholemera kuti ndikusungireni, ine n'kuchisunga bwino kuposa mmene ndinasungira moyo wanu. Ndinkaopa kuti ndikakulanditsani chikho mudzandiyang'ana ngati mdani mpaka ukalamba. Ndikanalola kuti mundide, bola mukanakalamba. Komabe ndimakusowani. Ndimasowa nyimbo za kwaya zimene munkaimba molakwitsa mukupala chipale chofewa pa galimoto, ndiponso mmene munkawerengera Christabel masamu m'Chichewa dala, kuti asaiwale kuwerenga kwa kwathu.

Amayi anu a Nachisale ku Ntcheu akukulirani mpaka pano. Manda anu a kuno sanawaonepo, ndipo kalata iliyonse amafunsa ngati pamene munagona pali mtengo wa mthunzi. Achimwene anu a Matthew adzawawerengera mawu awa, nawonso adziwe zimene ndinabisa. Chimene adzanene ndidzachilandira.

Dzulo Alice anandiimbira kuti Lamulungu lino tikaweruka kutchalitchi abwera naye Christabel kumanda. Mwanayo wavomera kuti nanenso ndikhalepo, koma wati ndikaime patali. Ndikaima patali. Mukadzaona awiri pafupi ndi mwala wanu ndi mmodzi kumpanda, dziwani kuti tabwera tonse.

Tagawikana, a Ngozo, koma palibe mmodzi mwa ife amene adzakuiwalani.

Zelipa Mtambalika, m'malo mwa Christabel, Alice, Matthew ndi amayi a Nachisale.
Etobicoke, 22 Meyi 1999.