Mchere wa a Benson

Tsangano, Ntcheu
9 Juni 2024

Okondedwa achemwali a Veronica,

Ndasankha kulemba chifukwa ndikangogwira foni, amayi amabwera kudzapetera chimanga pafupi, khutu lili kwa ine. Ndikhulupirira inu ndi ana muli bwino ku Karongako. Kuno chisanu chafika, koma ine Enelesi ndikulawirira kudimba ndi juzi imodzi yokha!

Mukukumbukira mmene munandipezera pa Khirisimasi: nkhope yotupa, mawu ngati a mwamuna, tsitsi likutsalira m'chipeso, khungu lili mbuu. Mu Okutobala anzanga akusaka mthunzi, ine ndinkaothera dzuwa nditafunda bulangete. Amayi anangoti ili ndi tsempho, alamu anu a Benson ayenda kunja kwa banja n'kudzandidwalitsa, poti akapita ndi kachewere ku Blantyre amagonera konko. Inunso munatero. A Benson analumbira mpaka misozi, koma mkamwini amamumva ndani? Amayi anawaletsa kukhudza mchere wa pakhomo pano, kenaka anawabweza kwawo ku Mlangeni, ankhoswe n'kupangana kuti tikakolola banja lithe. Mankhwala a tsempho ndinamwa, osasintha. Sindinama, masiku ena nanenso ndinkawakayikira.

Mu Febuluwale a Benson anangotulukira panjinga yamoto, n'kugwada pabwalo kupempha amayi kuti anditengere kuchipatala cha pa boma. Adokotala ake, mtsikana ndithu, anandigwira pakhosi n'kundiuza kuti ndimeze malovu. Kenaka anayamba kundifunsa za kuzizidwa, kudzimbidwa, kuiwalaiwala, tulo tosatha, ngakhale za kumwezi kuti ndikutaya magazi ambiri. Ndinachita kakasi, achemwali. Ankanena zonse ngati timagona nyumba imodzi. Ananditenga magazi n'kuwatumiza ku Lilongwe.

Zotsatira zitabwera anatikhazika pansi tonse awiri. Mulungu anatiumba modabwitsa, inu! Akuti pakhosipa pali kachiwalo kotchedwa chithokomiro, kamene kamatulutsa timadzi tosonkhezera moto wa thupi lonse: kutentha, kugunda kwa mtima, m'mimba, ngakhale tsitsi. Kakafooka, ubongo umatumiza uthenga m'magazi wokadzutsa. M'magazi mwanga uthengawo unachuluka zedi pomwe timadzito tinali tochepa, ndiye kuti ubongo wakhala ukukuwa chaka chonse popanda woyankha. Ndipo amene akukawononga kachiwaloko ndi asilikali a m'thupi langa lomwe, aja oteteza ku matenda, asokonezeka n'kuyamba kumenya kwawo. Zonsezi anaziona m'kabotolo kochepa ngati chala. Ine mpaka lero ndikamatunga madzi ndimadzigwira pakhosi, osamvetsa.

A Benson ankamvetsera, chipewa chili m'manja. Pomaliza anafunsa kuti, “Adokotala, kodi pali chimene mwamuna angachite kuti mkazi wake adwale matenda amenewa?”

“Palibe, bambo,” anatero. “Amabwera okha, kawirikawiri kwa akazi, ndipo nthawi zina amayenda m'mtundu.”

Mwamva, achemwali? M'mtundu mwathu, osati mwawo! Ndiye kutopa kumene mumadandaula kuja, kayezetseni. Adokotala atatero, a Benson anatuluka panja. Ndinakawapeza kuseri kwa chipatala atakhala pansi, akupukuta m'maso, ndipo manyazi amene ndinamva sindingathe kuwalemba.

Mankhwala ake mungaseke: kapiritsi kochepa ngati njere ya mapira. Ndimamwa m'mawa uliwonse ndi madzi okha, m'mimba mulibe kanthu, tiyi amayamba wadikira. Akuti n'kolowa m'malo mwa timadzi tosowa tija, ndipo ndidzamwa moyo wanga wonse, ngakhale ndizimva bwino. Patapita miyezi iwiri anandiyezanso n'kundiwonjezera pang'ono. Nkhope yaphwa, Lamulungu lapitali ndinaimba nawo kwaya.

Amayi za adokotala sanazilabadire, amati magazi sanena za kuchipinda. Ankangondiyang'ana ndikusenza thumba la kachewere. Chimanga tinakolola, ankhoswe n'kutumiza mawu kuti abwera Loweruka likudzali. Mtima wanga unali m'mwamba.

Dzulo a Benson anabwera kudzaona mwana wathu Lucky, n'kukhala patali monga mlendo. Ine ndinali nditaphula mpiru. Amayi analawa, n'kutenga kachitini ka mchere, n'kukakaika pamphasa ya apongozi awo. Atayang'ana kumbali, anati, “Bambo a Lucky, tathirani, ndiwozi sizinakolere.”

A Benson anathira, mpaka kuchulutsa. Amayi anadya mpaka kutsiriza, ndipo m'mawa uno atumiza mawu kwa ankhoswe kuti asavutike n'kubwera.

Amayi akupereka moni, Lucky akuti mumubweretsere mpunga. Alamu anu ali panja apa akukonza denga la khitchini. Nditawauza kuti ndikulembera inu, anati ndikupatseni moni wambiri, ndipo sanawonjezere china. Nambala yawo ya foni sinasinthe, achemwali.

Ndine mng'ono wanu,
Enelesi