Mkamwini akuthamangitsa alendo

Okondedwa alongo anga,

Landirani moni kuchokera kwa Mlolo. Tonse tili bwino, koma amayi mwendo ukuwavutabe.

Loweruka kunali msonkhano. A Sakala, amuna a mng'ono wanga, anatapa dothi nafuula, "Nthaka iyi ndi ya yani?" Anthu anati, "Yathu!" Anafunsa mobwerezabwereza mpaka mitima inatentha. Kenaka anati anthu othawa ntchito yokakamiza kwa Apwitikizi abwerere kwawo, akutithera minda.

Amayi, amene anabadwira komweko, anali pomwepo atazolika!

Ndinu mwini mbumba. Bwerani mudzawakumbutse a Sakala kuti nawonso ndi mkamwini, ndipo munda umene amalimawo anawapatsa ndi amayi omwewo.

Mulungu akusungeni kumigodiko.

Ine mlongo wanu,
Tisaine